Ndinakwera Phiri la Dedza Nditasenza Nkhope ya Atate

Ulendo wautali kuposa maulendo onse amene ndinayendapo unayambira pakhomo pa atate, kufupi ndi Bembeke, n'kukathera pakhomo pomwepo patapita milungu itatu. Sitinkapita kumaliro, sitinkapita kukagula mchere, ndipo panalibe wotipirikitsa. Tinkangokwera mapiri n'kutsika, chifukwa mzungu wina anawoloka nyanja yamchere kudzawaona. Inali nthawi ija nkhondo ya Ajeremani isanayambe, mvula ikupita kumapeto, chimanga chitayamba kuuma ndevu. Ine ndinali nditangobatizidwa kumene n'kutenga dzina la Mateyu, ndipo ndinkadziyesa munthu wodziwa zinthu.

Mzunguyo sanali wa kuboma, sanalinso wansembe. Dzina lake linatikanika kutchula, choncho tinamutcha Fundamutu, pakuti akafuna kujambula ankaimika kabokosi ka diso limodzi pa miyendo itatu, n'kudzifunda nsalu yakuda kumutu ngati namwali. Anafika m'mudzi mwathu kudzafuna amtengatenga chifukwa ena amene anachoka nawo ku Ncheu anali atathawa, ndipo ife sitinafunse kuti anathawiranji. Womulankhulira anali kapitao wake, a Samisoni, munthu wa ku Kabula amene Chingerezi chake chinali chokwanira kutikalipira nacho.

Atate anali pakhonde akuwotha dzuwa. Anali Mngoni wakale, wa khutu lobowola, amene anabwera kuno ali mwana akutsatira ng'ombe kuchokera kumwera. Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira ya chaka chinacho ndipo chinakana kuwasiya. Anali atatha thupi, mikono ngati mipini ya makasu, ndipo tonse tinkadziwa kuti mbewu yotsatira sadzabzala nawo. Iwo eni ankanena zimenezi poyera, makamaka akafuna kuti amayi awaphere nkhuku.

Fundamutu atawaona anaima, nalankhula ndi a Samisoni.

"Bwana akuti akufuna nkhope yanu, gogo," anatero a Samisoni.

"Yakeyo yatani?" anafunsa atate.

A Samisoni anafotokoza kuti nkhopeyo sichoka pamalo pake, imangotsalira pagalasi kenako n'kuikidwa papepala, ndipo mwini wake akhoza kufa iyo ilipobe. Atate anaganiza pang'ono, natuma amayi kuti atsitse chishango ndi nyoni, chisoti chija cha nthenga, kudenga. Chishangocho mphemvu zinali zitadya mbali imodzi. Amayi anawadzoza mafuta a nsatsi m'miyendo ndi pamphumi, nawakhazika pampando pakati pa bwalo. Lamulo linali lakuti asagwedezeke mpaka a Samisoni atawerenga kufika pa zisanu, ndipo munthu amene sankatha mawu atatu osatsokomola anakhala phee, misozi ikuyenderera, chifuwa atachitsekera kukhosi. Mzungu atatulutsa mutu m'nsalu, atate anatsokomola mpaka nyoni inagwa pansi.

"Chithunzicho chili kuti tsono?" anafunsa atapeza mpweya.

"Chili m'galasimo, koma sichioneka msanga. Bwana akachitsuka ndi mankhwala kuboma tikatha ulendo. Akuti wina wa pakhomo pano akasenza nawo katundu, adzamupatsa pepala limodzi abwere nalo."

"Ulendo wa kuti?"

"Kumapiri. Dedza, Chongoni, mpaka ku Lobi."

"Kumapiriko ife tinkathamangitsirako anthu," anatero atate. "Uyu akumuthamangitsa ndani?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Pita nawo, iwe. Ukabwere nayo nkhope yangayo, amako aziiyang'ana ndikapita. Apo ayi ayamba kuyang'ana madoda a eni."

"Zaka zonsezi ndakuyang'anani sizinakwane?" anatero amayi, koma anali atayamba kale kundimangira kamba wa mbatata ndi chimanga chokazinga.

Amtengatenga analonjezedwa nsalu, koma ine mtima wanga sunali pansaluyo. Mkulu wanga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo nkhope yake inali itandithawa kale, ndinkangokumbukira kuti anali ndi chipsera pabondo. Ndinkaopa kuti atate nawonso adzandithawa chimodzimodzi. Pepala lija ndinalifuna ndi mtima wonse.

Anandipatsa bokosi la matabwa, lomangidwa ndi lamba, mmene munkasungidwa magalasi amene ajambulidwa kale. Tsiku limenelo munali galasi limodzi lokha, la atate, lokulungidwa m'pepala lakuda. Fundamutu anagogoda pabokosilo ndi chala nanena mawu awiri a chinenero chathu amene anawaphunzira bwino: "Lisagwe. Lisanyowe." Anawabwereza m'mawa uliwonse wa ulendo wonsewo, mwakuti anzanga anayamba kundiitana kuti Lisanyowe.

Kuboma tinafika tsiku lomwelo dzuwa litapendeka, ndipo tinakhalako masiku atatu. Tsiku loyamba inali mvula. Lachiwiri nsapato ya bwana inatseguka kukamwa, ndipo mmisiri yekhayo wodziwa kusoka nsapato anali kumaliro. Lachitatu nsapato inasokedwa, koma bwana anaitanidwa ndi azungu anzake kukadya, ndipo chakudya cha azungu sichitha msanga chifukwa chimabwera pang'onopang'ono. Ife tinasungidwa m'chisakasa cha nkhufi zimene zinkaoneka kuti zinatidikira kwa nthawi yaitali.

M'chisakasamo ndi mmene ndinadziwana ndi a Chimbalanga, bambo wachikulire wa dazi lopangidwa ndi nkhata. Anayamba kusenza katundu wa azungu ine ndisanabadwe. Anasenzapo zitsulo za sitima, belu la tchalitchi, ndiponso dona wina wonenepa pamachila kuchokera ku Matope, ndipo ankati mwa zitatuzi belu ndilo linali lofatsa. Palibe chimene sankachidziwa chokhudza katundu, ndipo ine ndinawamamatira ngati malume anga.

"Mdani wa katundu si wakuba, mwanawe," ankatero. "Wakuba amatenga chimodzi. Chinyezi chimalowa mwakachetechete n'kudya mtolo wonse, iwe uli kusenza chuku n'kumayimba nyimbo."

Phiri la Dedza tinalikwera tsiku lachinayi. Tinali anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi, wina wasenza hema, wina tebulo, wina bafa, pakuti bwana sakanatha kuona phiri asanasambe. Iye anayenda pansi ndi ndodo, kachikwama kali kumsana, ndipo a Samisoni anatiuza kuti kwawo adzakafotokoza kuti anakwera yekha. Njira inali yoterera, udzu wautali wonyowa ukutimenya kumaso. Wa tebulo anagwa kawiri, ndipo kachiwiriko tebulo linatsogola kutsika mpaka linaimitsidwa ndi mtengo wa msuku. Ine ndinkaponda ngati ndasenza mazira, ndikulankhula ndi bokosi chamumtima kuti atate, gwirani zolimba.

Pamwamba tinapeza nkhungu yokhayokha. Ukatambasula dzanja sunkaona zala. Tinakhala momwemo masiku awiri, tikunjenjemera, nkhuni zikukana kuyaka, bwana atakhala pampando pakhomo la hema akuyang'ana wotchi ngati kuti nkhungu inapangana naye nthawi. Anyani anatibera chimanga chokazinga, natsala pamwala kumatiyang'ana monga anthu ofuna kudziwa kuti tadzatani kwawo. Funso limeneli ifenso tinali nalo.

M'mawa wa tsiku lachitatu kunayera, dziko lonse n'kuonekera mpaka kwa Apwitikizi, ndipo Fundamutu anachita ngati wapenga. Anathamanga uku ndi uku ndi miyendo itatu ija, akufunda, akuvundukula, akukuwa. Anaimika a Chimbalanga m'mphepete mwa phompho, atafulatira, kuti anthu a kwawo akaone kukula kwa mwala.

"Nanga nkhope yanga saifuna?" anafunsa a Chimbalanga osatembenuka.

"Akuti mwala ndiwo akuufuna. Inu mungoima," anatero a Samisoni.

Madzulo aliwonse, dzuwa lisanalowe, bwana ankapisa manja onse awiri m'thumba lakuda la mikono, maso ali kumwamba, n'kumafufuza mkatimo ngati munthu wothandiza mbuzi kubereka. Akatulutsa manja, magalasi a tsikulo anali atakulungidwa kale m'mapepala akuda, ndipo ankawalowetsa m'bokosi langa. Sitinaonepo galasi lili pamtunda, ndipo sitinadabwe, poti sing'anga aliyense ali ndi zake zobisa. Chimene ndinadabwa nacho n'chakuti katundu wa anzanga ankapepuka tsiku ndi tsiku pamene bwana ankadya zam'zitini, koma wanga ankalemera. Pofika potsika, atate anali atapanikizidwa ndi magalasi khumi ndi awiri a miyala yokhayokha.

Ku Chongoni tinakhalako masiku anayi. Tinakwera mapiri atatu amene eni dziko sanavutike n'kuwapatsa njira, ndipo ine tekenya linandilowa pachala chachikulu mpaka a Chimbalanga analichotsa ndi munga. Bwana anapeza mapanga okhala ndi zojambula zofiira ndi zoyera pamiyala, nakondwa kwambiri. Achewa amene tinali nawo anayang'ana kumbali, nanena kuti sadziwa kanthu. A Chimbalanga anangoti awa anajambula opanda bokosi, koma zawo zikuoneka.

Tikutsikira ku Linthipe tinakumana ndi munthu wa kwathu amene ankagulitsa makasu. Ndinamufunsa za kumudzi, ndipo anayamba ndi mvula, nabwera ku ng'ombe, nafika kwa atate pomalizira, monga achitira munthu amene wasenza uthenga wosakoma.

"Alipo," anatero. "Koma pakhonde asiya kutuluka. Aliyense wolowa m'nyumba akumufunsa ngati wamva za mzungu."

Kuyambira pamenepo ulendo unayamba kundikwiyitsa. Phiri lililonse limene bwana analiloza ndi ndodo ndinkaliona ngati mdani wanga.

Mtsinje wa Linthipe tinaupeza utadzaza, madzi ali psuu, ukunyamula mitengo. Mlatho wa mitengo unali utapita ndi madzi mlungu wathawo. Pagombe panali anthu ambiri odikira: mayi wina ndi mbuzi yake imene ankapita nayo kuchinkhoswe, amuna awiri a mitolo ya fodya, ndi nkhalamba imene inkapita kukazonda wodwala ndipo inkanena kuti ikafika ipeza atachira kapena ataikidwa, zonse ndi zabwino. Wonyamula makalata wa chisoti chofiira sanadikire, anavula, namanga thumba pamutu, nalowa m'madzi, n'kukatulukira kumunsi kwenikweni akutukwana. Ife tinadikira masiku awiri. Mbuzi ija inadya chingwe cha hema, ndipo mlandu wake unatithandiza kutha tsiku limodzi.

Madzi atatsika kufika pachifuwa, anyamata a m'mudzi wa pafupi anamanga chingwe cha luzi tsidya ndi tsidya, namawolotsa anthu posinthana ndi mchere wodzaza chikhatho. Bwana anawoloka atakhala pamapewa a anthu awiri, kabokosi kake ka diso atakanyamula yekha m'mwamba. Nkhope yake inali itayamba kale kuchita chikasu, koma sanaiwale kutembenuka n'kukuwa kuti lisanyowe.

Ndinalowa m'madzi dzanja limodzi lili pachingwe, lina pabokosi. Pakati penipeni ndinaponda mwala woterera ndi chala chija cha tekenya. Ndinamira mpaka m'khosi, bokosi linachoka pankhata, ndinaligwira ndi phewa, koma ngodya imodzi inalowa m'madzi. Sizinatenge nthawi yoposa kuphethira kawiri. Nditafika tsidya ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo amene anaona anali a Chimbalanga okha.

Tinayenda tsiku lonse lotsatira kulowera ku Lobi, kukwera zitunda ndi kutsika pakati pa minda ya chimanga ndi nyemba. Bwana tsopano anali pamachila, malungo atamugwira zenizeni. Tinamanga hema pafupi ndi thanthwe lalikulu losalala, iye namwa kwinini, nadzikwirira m'mabulangete atatu, akulankhula ndi anthu amene ife sitinkawaona. M'mawa mwake a Samisoni anapita kumudzi kukafuna nkhuku ndi mkaka wa wodwala. Kumudziko kunali mowa wa dima, choncho nkhukuzo zinavuta kupezeka.

Ine mtima unali m'malere. Pansi pa bokosi panali pakadali ponyowa, ndipo nditanunkhiza pamng'alu ndinamva fungo la chinyezi. Ndinaitana a Chimbalanga. Bokosilo linalibe loko, ndi lamba yekha amene ankalimanga. Tinamasula, n'kupeza mapepala akuda aja atanyowa m'munsi, ena atayamba kumatirira.

"Mawa lino ndi chuku," anatero a Chimbalanga. "Chinthu chikanyowa chimayanikidwa, mwanawe. Fodya timayanika, mphale timayanika. Buku la mbusa wina linagwera mu Shire, ndinaliyanika ine tsamba ndi tsamba, mpaka lero akulalikira nalo."

"Nanga bwanji amabisa m'thumba lakuda?"

"Akaonetsa, mawa iwe uyamba kujambula wekha, iye adya chiyani? Ife sitikuba nzeru zake. Tikupulumutsa katundu. Kapena ufuna atate ako awole kawiri?"

Mawu amenewa ndiwo anandimaliza. Ntchito ija tinaigwira mwaukhondo, ndipo mpaka lero sindinaonepo chinthu choyanikidwa mosamala chotero. Tinasesa thanthwe ndi masamba. Tinasamba m'manja. Tinamasula magalasi makumi awiri ndi atatu limodzilimodzi, n'kuwatsamiritsa patimiyala m'mizere, kuyang'anitsa kudzuwa, mapepala ake tikuyanika padera titawapsinja ndi miyala. Wa bafa tinamuika kuti azipirikitsa mbuzi. Kumwamba kunalibe mtambo ngakhale umodzi, ndipo ndinathokoza Mulungu chifukwa cha dzuwa labwino.

Ndinayamba kufunafuna atate. Galasi lililonse linali loyera mbali imodzi ngati chambiko, popanda phiri, popanda munthu.

"Madzi afufuta," ndinatero.

"Sanafufute. Zazizidwa. Zikamva kutentha zituluka," anatero a Chimbalanga.

Ndipo zoonadi, patapita kanthawi magalasi anayamba kusintha. Kuyera kuja kunasanduka kotuwa, kenako kunayamba kuda ngati khungu la nthudza. Anzathu onse anasonkhana, tikuloza, tikunong'ona kuti tisadzutse wodwala. Wina anati akuona mwala wa a Chimbalanga, wina anati akuona nyani. Dzuwa litafika paliwombo tinawatembenuza onse kuti aume mbali zonse, ndipo potembenuzapo tinawasokoneza, mwakuti sindinadziwenso kuti loyamba lija linali liti.

Fundamutu anatuluka m'hema dzuwa litapendeka, atafunda bulangete, akufuna madzi akumwa. Anaima. Ife tinaimirira m'mbali mwa mizere yathu ngati ana a sukulu odikira kuyamikiridwa. Anayenda pang'onopang'ono, natola galasi limodzi, naliyang'ana, natolanso lina. Kenako anakhala pansi pathanthwepo, miyendo atatambasula ngati mayi wopeta. Ndikanakonda akanandimenya.

A Samisoni anatulukira nthawi yomweyo, nkhuku ziwiri zili m'manja, akuyimba. Ataona magalasi nyimbo inathera pakamwa ndipo nkhuku imodzi inathawa. Bwana analankhula nawo nthawi yaitali ndi mawu otsika.

"Akuti galasi limeneli limaona kamodzi kokha," anatero a Samisoni. "Akalitsegulira diso pang'ono limagwira chimene laonacho, n'kuchisunga mumdima mpaka litsukidwe. Inu mwalionetsa dzuwa tsiku lonse."

"Koma atate ali momwemo?" ndinafunsa.

A Samisoni anafunsa, bwana napukusa mutu.

"Akuti mulibe. Mulibe gogo, mulibe phiri, muli dzuwa lokhalokha. Akutinso madzi ajawa sakanaononga kanthu kwenikweni, akanauma okha m'bokosi momwemo."

A Chimbalanga anakanda dazi lawo, nayang'ana mizere ija.

"Koma kuuma kokha zauma bwino," anatero motsitsa mawu.

Bwana analamula kuti magalasiwo atayidwe m'dzenje. Ine ndinabisa limodzi m'thumba la kamba, nditalikulunga m'pepala lake lakuda. Sindinadziwe ngati linali la atate, la mwala kapena la bafa, ndipo sindinadziwenso chimene ndinalitengera. Ndinapita kuseri kwa thanthwe n'kulira ngati mwana. Palibe amene anandilanda nkhope ya atate. Ndinaifufuta ndekha, ndi manja osamba.

Tsiku lotsatira a Samisoni anatiuza kuti m'chitini chomata mwatsala magalasi asanu ndi limodzi osajambulidwa. Mtima wanga unadzuka. Kuchokera kuboma kufika kwathu ndi ulendo wa theka la tsiku. Ndinapempha a Samisoni kuti andinenere, galasi limodzi lokha, nkhalamba ija ikadalipo. Anandiyang'ana ngati ndapempha mkazi wa bwana, komabe ananena. Yankho linali lakuti tiona.

Malungo atatsika tinabwerera njira yomweyo, kuwolokanso Linthipe amene tsopano anali wofika m'mawondo ngati kuti sanalakwepo kanthu, mpaka patsinde pa phiri la Dedza. Bokosi anali atandilanda, ndinasenza mitengo ya hema. Bwana anakwera theka la phiri pamachila, ndipo sindikudziwa ngati zimenezi anakazifotokoza kwawo. Pamwamba nkhungu inatilandira monga kale, koma ulendo uno inkatseguka ndi kutseka, ndipo ikatseguka iye ankafunda nsalu. Ndinkawerenga magalasi otsalawo. Loyamba linapita pamwala uja, a Chimbalanga ataimanso chofulatira. Lachiwiri ndi lachitatu anapita kudziko la Apwitikizi. Lachinayi pamtengo wopindika. Lachisanu sindikudziwa chimene anaona, ine ndinaona udzu.

Litatsala limodzi ndinasiya manyazi. Ndinapita patsogolo pake, ndinagwada, n'kuyamba kuwomba m'manja monga tichitira popepesa mlandu waukulu. Sindinafune womasulira.

"Bwana, atate," ndinatero, ndikuloza kumene kuli Bembeke.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikhulupirira kuti anamva chisoni, pakuti sanali munthu woipa. Anayang'ana galasi lotsalalo, nayang'ana ine, natsegula pakamwa kuti alankhule. Nthawi yomweyo nkhungu inang'ambika kumbuyo kwanga, phiri la Chongoni n'kuonekera lonse litawala ndi dzuwa. Ndinaona maso ake akuchoka pa ine. Anandikankhira pambali mofatsa, nafunda nsalu.

Kuboma bwana anatipatsa nsalu zathu, ine anandigwira chanza, nanena mawu amene a Samisoni anamasulira kuti pepani za gogo. Njira yake yobwerera ku Kabula inadutsa pafupi ndi kwathu, kabokosi ka diso kali pamutu pa munthu, kopanda galasi. Ndinapatukana nawo pamphambano. A Chimbalanga anandipatsa fodya wawo yense wotsala, osandiyang'ana kumaso.

Njira yonse yotsalayo ndinkakonza mawu. Ndinali Mkhristu watsopano, bodza ndinali nditalikana pamaso pa anthu, ndipo ndinatsimikiza kuti ndikawauza atate zonse ndisanakhale n'komwe pansi. Koma ana anandiona ndili kutali, ndipo pofika pakhomo bwalo linali litadzaza. Anthu anawanyamula atate pamphasa n'kuwatsamiritsa pakhomo la nyumba. Anali atachepa kwambiri, maso okha ndiwo anatsala.

"Wabwera nayo?" anafunsa anthu onse akumva.

Mawu onse amene ndinakonza anandithawa. Ndinagwada, n'kutulutsa galasi lija, ndi kuwapatsa ndi manja awiri.

Anamasula pepala kutsogolo, kumbuyo likadali lomatirira, napendeketsa galasilo kuti lilandire kuwala. Ine ndinali pafupi ndipo ndinaona chimene iwo anaona: mumdima wa galasimo munali nkhope ya nkhalamba ya ndevu zoyera, yosaoneka bwino, ngati mmene munthu adzionera m'chitsime. Atate kalilole ankamudziwa, anali atamuonapo kwa amalonda. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi ine ndithu," anatero. "Koma chishango sanachiike. Nsanje, mzungu wakoyo."

Anthu anayamba kukankhana kuti aone, koma atate anakweza dzanja.

"Osachigwira, mudetsa. Ofuna kuona adzere kumbuyo kwanga, mmodzimmodzi, asuzumire paphewa."

Anadzera kumbuyo, nasuzumira, ndipo aliyense anawaonamo, nawomba m'manja. Mlamu wanga anati ngakhale khutu lobowola likuoneka. Amayi anabwera pomalizira, nagwada kumbuyo kwawo, nasuzumira kuchokera patali ndithu.

"Mwaonekamo bwino kuposa pamaso," anatero.

Anthu atabalalika, amayi atapita kukasaka nkhuku yophera wapaulendo, atate anandikodola.

"Iwe Mateyu, sendera. Chithunzi chakochi, ine ndikatsokomola nachonso chikutsokomola."

"Atate, ku Linthipe ndinaterereka, ndiye..."

"Usandiuze. Wayenda, watopa. Manga bwino uike kudenga, pamodzi ndi chishango. Amako usawauze, amva kukoma."

Atate anamwalira anthu atayamba kukolola. Maliro atatha, titameta, abale atabwerera kwawo, amayi anandiitana masana ena nandiuza kuti nditsitse chinthu chija kudenga. Ndinachitsitsa n'kuwapatsa. Anakhala pakhomo pomwe paja, anamasula pepala, napendeketsa galasi monga anachitira atate. Anayang'ana, nalitembenuzira uku ndi uku, nalipukuta ndi nsonga ya nsalu, nayang'ananso. Ine ndinaima chapatali kudikira funso.

"Achokamo," anatero amayi osadzutsa mutu. "Apita nayo. Atate ako chiyambire sankasiya chinthu chawo m'manja mwa munthu."

Anakulunganso pepala lija bwinobwino, nandipatsa kuti ndibwezere kudenga.